Kodi Mngoni Ndani?

Ku Chiparamba, monganso m'midzi yambiri yozungulira Chipata, si zachilendo kukumana ndi munthu amene chiwongo chake ndi Phiri, pakhomo amalankhula Chinsenga, kusukulu anaphunzira Chinyanja, koma mukamufunsa mtundu wake amayankha mosadodoma kuti ndi Mngoni. Sakunama ayi. Nayenso mnzake wa chiwongo cha Jere, amene amawerenga makolo ake mpaka kukafika kwa Zwangendaba, sakunama akamati Ungoni uli m'magazi. Awiriwa akutchula liwu limodzi, koma aliyense akuloza kwake.

Dzinali lili ndi mnzake kutsidya kwa nyanja. Angerezi ali ndi liwu lakuti Anglo-Saxon, limene lakhala likusintha tanthauzo kwa zaka zoposa 1,200, ndipo mpaka lero akatswiri awo akukanganirana. Maina awiriwa anakumanapo pa nthaka ya Chipata mu 1898, lina lili kuseri kwa mfuti, linzake kuseri kwa chishango.

## Zimene dzina la mtundu limaloza

Dzina la mtundu limatha kuloza kumene makolo a munthu anachokera, chilankhulo chimene amalankhula, mfumu imene amaigwadira, kapena mwambo umene amatsata pa ukwati, pa maliro ndi pa chuma cha masiye. Zonsezi zikamayendera limodzi palibe amene amafunsa. Kwa Angoni a ku Chipata, a mfumu Mpezeni, zinapatukana kalekale.

Kalembera wa ku Zambia wa 2010 anapeza kuti anthu 4 mwa 100 alionse amadzitcha Angoni. Ku Malawi, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 10 mwa 100. Ndi anthu ochuluka zedi. Koma chilankhulo chimene Zwangendaba ankalamulira nacho asilikali ake sichimveka pachigayo kapena pamjigo ku Chipata. Chinatsalira m'nyimbo za ingoma, m'zithokozo za mafumu ndi m'maina a midzi monga Ephendukeni ndi Mtenguleni. Angoni a Mpezeni amalankhula Chinsenga chawochawo, chimene iwo amachitchabe Chingoni. A M'mbelwa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka. A Gomani ku Ntcheu, ndi anzawo a ku Angonia m'chigawo cha Tete, amalankhula Chichewa. Ngati mtundu ukanakhala chilankhulo chokha, bwenzi Angoni atatha.

## Dzinali lisanafike kuno

Anthu amene ananyamuka ndi Zwangendaba Jere sanali Azulu, ngakhale ambiri lero amatero. Zwangendaba anali mtsogoleri wa nkhondo kumbali ya Zwide, mfumu ya Andwandwe, amene anagonja kwa Shaka pa mtsinje wa Mhlathuze cha mu 1819. Ndiye kuti makolo a Angoni anali adani a ufumu wa Azulu, osati ana ake. Chimene chimawalumikiza ndi Azulu ndi chilankhulo ndi miyambo yofanana, monga momwe Mchewa wa ku Katete ndi Mmang'anja wa ku Chikwawa amamvanirana popanda wina kukhala mwana wa mnzake. Amishoni nawo anathandizira chisokonezochi: W. A. Elmslie wa mishoni ya Livingstonia, polemba buku la malamulo a chilankhulochi mu 1891, anaika maina onse awiri pamutu pa bukulo, Ngoni ndi Zulu.

Ngoni ndi Nguni ndi liwu limodzi, langosiyana katchulidwe. Kumwerako linali liwu lakale laulemu limene mabanja ena ankadzitamanda nalo, ndipo nkhani zina za makolo zimalilumikiza ndi kholo lotchedwa Mnguni. Tanthauzo limene lili m'mabuku a sukulu, lakuti Nguni ndi banja limodzi la Azulu, Axhosa, Aswazi ndi Andebele, ndi la dzulodzuloli. Linakhazikika kudzera mwa olemba monga A. T. Bryant mu 1929 ndi N. J. van Warmelo mu 1935. Katswiri wa mbiri yakale John Wright analemba m'zaka za m'ma 1980 kuti dengu lalikululi analiluka ndi olemba ndi akuluakulu a boma, osati eni ake.

Anthu amene anakumana ndi nthungo za Angoni anali ndi maina awoawo owatchulira. David Livingstone, poyenda m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1860, analemba za Mazitu. Kwina ankati Maviti, ku Songea ankati Magwangwara, ndipo amene analowera kumpoto cha ku nyanja ya Victoria ankatchedwa Watuta. Maina amenewa anali a mantha. Lakuti Ngoni ndi limene linapambana, chifukwa ndi limene eni ake ankalikonda.

## Momwe munthu ankasandukira Mngoni

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Atachoka kwawo, Zwangendaba anakhalako pakati pa Atsonga kufupi ndi Delagoa Bay, kumene lero kuli Maputo. Atayambana ndi mtsogoleri mnzake Soshangane analowera m'dziko la Arozvi ndi Akaranga, limene lero ndi Zimbabwe. Anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana wa dzuwa, ndipo kadamsanayo ndi amene anathandiza akatswiri kupeza mwezi ndi chaka chenicheni. Anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga cha ku Petauke, kenaka pakati pa Achewa ndi Atumbuka, mpaka anakafera ku Mapupo m'dziko la Afipa, ku Tanzania wa lero, cha mu 1848.

Paliponse pamene gululi linadutsa linkatenga anthu. Ogwidwa pankhondo sankagulitsidwa kawirikawiri monga ankachitira amalonda a akapolo. Ankagawidwa m'nyumba za akazi a mfumu ndi za nduna. Mtsikana ankakula n'kukwatiwa m'mudzimo. Mnyamata ankaweta ng'ombe, kugona kulaweni ndi anzake, kubooledwa makutu, kenaka n'kulowa m'gulu la nkhondo la amsinkhu wake. Akaonetsa chamuna pankhondo ankapatsidwa anthu akeake ogwidwa, n'kumanga mudzi, ndipo pakutha pake ankatha kukhala nduna. Mwana wake sankadziwa dzina lina koma Mngoni.

Umboni wake ndi Chiwere Ndhlovu. Iye anabadwa Mnsenga, anakulira pakati pa Angoni, anakhala nduna ya nkhondo, kenaka anapatuka ndi anthu ake n'kukakhazika ufumu wa Chingoni ku Dowa. Palibe amene amati anthu a Chiwere si Angoni.

J. A. Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni m'zaka za m'ma 1940 n'kusindikiza mbiri ya ufumu wawo mu 1954, anafanizira ufumuwu ndi mpira wa chipale chofewa cha kwawo, umene umanka nukula ukamagubuduzika. Kwathu kuno chifanizo chomveka ndi Luangwa. Madzi amene amathira mu Zambezi ku Feira ndi a Lundazi, a Lukusuzi, a Lunsemfwa ndi a timifuleni tosawerengeka, ndipo a kugwero ndi ochepa chabe, koma mtsinje wonsewo ndi Luangwa basi.

Ziwongo zimasunga mapu a ulendowu. Jere, Nzima, Thole ndi Mhlanga amaloza kumwera kwenikweni. Soko ndi Moyo amakumbutsa za Zimbabwe. Sakala, Mumba ndi Lungu ndi a ku Unsenga, pamene Phiri, Banda ndi Mbewe ndi a ku Uchewa. Si kuti onse anali ofanana pamaso pa mfumu. Mabanja ochokera kumwera, otchedwa abezansi, anali ndi ulemu wapadera, ndipo ufumu waukulu unali wa Ajere okha. Koma khomo lolowera ku Ungoni linali lotseguka, ngakhale kuti ambiri analowa atamangidwa manja.

## Chilankhulo chinathera pamsana pa amayi

Chifukwa chimene Chingoni chakale chinazimirira n'chosavuta kuchimvetsa. Amuna ochokera kumwera anali ochepa, ndipo akazi ambiri a m'midzi yawo anali ogwidwa m'njira. Mwana amaphunzira kulankhula ali pamsana pa mayi ake, osati pabwalo la milandu. Gulu la Mpezeni linakhala ku Unsenga kawiri, poyamba ndi Zwangendaba, kachiwiri pamene Mpezeni anabwerera kumwera atalimbana ndi Abemba, asanakhazikike cha ku Chipata m'zaka za m'ma 1870 ndi kugonjetsa mafumu a Chichewa monga Mkanda. N'chifukwa chake Chinsenga ndi chimene chinalowa m'nyumba. Amishoni a Dutch Reformed Church atafika ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903 anaphunzitsa ndi kulalikira m'Chinyanja. Chilankhulo chakale chinasowa pokhala, pakhomo ndi pasukulu pomwe.

Chimene sichinazimirire ndi dongosolo la banja. Achewa ndi Ansenga amawerengera mwana kwa amayi ake, mkamwini amakakhala kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Angoni amalowola ndi ng'ombe, mkazi amapita kwa mwamuna, ana ndi a bambo, ndipo ufumu umachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Pa zinthu zonse zimene dzina lakuti Mngoni limasenza lero, ichi ndi chimene chimakhudza kwambiri moyo wa tsiku ndi tsiku.

## Chaka cha 1898 ndi kaundula wa atsamunda

Mu 1891 wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, anapeza chikalata chimene ankati Mpezeni wamupatsa nacho ufulu pa nthaka ndi miyala ya mtengo wapatali. Chikalatacho chinagwera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inkakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za Maxim. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anawomberedwa mu Febuluwale. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, midzi inatenthedwa, ndipo Mpezeni, atasungidwa kwa kanthawi ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, anamwalira mu 1900.

Kugonjaku kunasintha tanthauzo la dzina. Kale Mngoni anali munthu wa Mpezeni, womenya nkhondo zake ndi kudikira kuti mfumu iyambe yalawa zam'munda pa Nc'wala. Nkhondo zitaletsedwa, magulu a asilikali atatha, Nc'wala itaima, njira yosandutsira mlendo kukhala Mngoni inatsekeka. Ogwidwa ena anabwerera kwawo n'kukhalanso Achewa kapena Ansenga. Ena anatsala, ndipo zidzukulu zawo ndi Angoni a Phiri ndi a Banda a lero.

Boma la atsamunda linkafuna kuti munthu aliyense akhale ndi mtundu umodzi, mfumu imodzi ndi mudzi umodzi, kuti msonkho utoleredwe bwino. Lamulo la maulamuliro a mafumu la 1929 linalimbitsa zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 boma linazindikira Undi kukhala mfumu yaikulu ya Achewa, moyang'anana ndi Mpezeni wa Angoni. Dzina limene linali la ufumu woyenda linasanduka la mtundu wokhala ndi malire pamapu. Malire a maiko nawo anadula pakati: mafumu Zulu ndi Mlonyeni a ku Mchinji ndi a nyumba ya Mpezeni, koma ali ku Malawi.

## Anglo-Saxon: dzina la amene anabwera ndi mfuti

Tauni imene inamangidwa nkhondo itatha inatchedwa Fort Jameson, potengera Leander Starr Jameson, bwenzi la Cecil Rhodes amene anayambitsa British South Africa Company. Mu 1877, ali mnyamata, Rhodes analemba chikalata cha zikhulupiriro zake, mmene ananena kuti mtundu wake ndi wopambana mitundu yonse, ndipo analota ufumu umodzi wa mtundu wa Anglo-Saxon wolamulira dziko lapansi. Kwa iye liwuli linali la magazi. Koma silinayambe choncho.

Ulamuliro wa Aroma utatha ku Britain cha mu 410, anthu ochokera m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Germany, ku Denmark ndi ku Netherlands anayamba kuwolokera pachilumbacho. Wansembe Bede, polemba mu 731, anawagawa patatu: Angles, Saxons ndi Jutes. Iwo eni sankadzitcha Anglo-Saxon. Chilankhulo chawo ankachitcha Englisc. Liwu lophatikizali linayamba ndi olemba Chilatini a kumtunda kwa Ulaya m'zaka za m'ma 700, monga Paul the Deacon, pofuna kusiyanitsa Asaxon a pachilumba ndi anzawo amene anatsala ku Germany. Mfumu Alfred, m'zaka za m'ma 880, analitenga kukhala dzina la ufumu wake pamene ankaphatikiza anthu a ku Wessex ndi a ku Mercia. Mdzukulu wake Æthelstan, atagwira dziko lonse mu 927, anasankha kutchedwa mfumu ya Angerezi. Anormani atalanda dzikolo mu 1066 liwuli linagona, mpaka akatswiri a zakale analidzutsa m'zaka za m'ma 1500.

Kuchokera pamenepo linabala matanthauzo ena. Kwa ofukula zakale ndi dzina la nyengo, kuyambira cha mu 450 kufika 1066, nyengo ya manda a mfumu yoikidwa m'chombo amene anafukulidwa ku Sutton Hoo mu 1939. Kwa anthu a nthawi ya Rhodes linali dzina la mtundu woyenera kulamulira ena. Ku America limaloza azungu achipulotesitanti a makolo ochokera ku Britain. Afalansa akati Anglo-Saxon amatanthauza Britain ndi America pamodzi, makamaka kachitidwe kawo ka malonda, osasamala za khungu la munthu. Chifukwa cha fungo la tsankho limene liwuli linatenga, bungwe la International Society of Anglo-Saxonists linasintha dzina lake mu 2019. Akatswiri ena, makamaka a ku Britain, anakana kulitaya, ponena kuti kwawo ndi liwu wamba la m'mabuku a sukulu.

Nanga magaziwo? Kafukufuku wa mafupa a anthu 460 akale, wosindikizidwa mu 2022 m'magazini ya Nature, anapeza kuti kum'mawa kwa England pafupifupi magawo 76 mwa 100 a chibadwa cha anthu a nyengoyo anachokera kutsidya kwa nyanja, ndiponso kuti mwa osamukawo munali akazi ambiri. Anapezanso kuti obwera ndi eni nthaka ankakwatirana ndi kuikidwa m'manda amodzi. Apa pali kusiyana kophunzitsa. Osamukira ku England anabwera ambiri, ndi akazi awo, choncho chilankhulo chawo chinameza cha eni dziko. Angoni anafika ochepa, chilankhulo chawo n'kumezedwa. Ofanana kwenikweni ndi Angoni m'mbiri ya England ndi Anormani: anagonjetsa dziko, anagwira ufumu, anasiya maina ndi malamulo awo, koma patapita mibadwo zidzukulu zawo zinkalankhula Chingerezi cha anthu amene anawagonjetsa.

## Zodziwika ndi zimene zikali pa mkangano

Njira ya ulendo, chaka chowolokera Zambezi, kugawikana kwa gululi Zwangendaba atamwalira, ndi nkhondo ya 1898, zonsezi n'zokhazikika. N'zodziwikanso kuti Angoni a Maseko, a Gomani aja, sanali a Zwangendaba. Anayenda ulendo wawowawo, anawoloka Zambezi paokha, anakafika ku Songea, n'kubwerera kudzakhala ku Domwe. Choncho dzina limodzi likuphimba maufumu awiri amene sanakhalepo pansi pa mfumu imodzi.

Chimene chinawathamangitsa kumwera ndi chimene akatswiri sanamvanebe. J. D. Omer-Cooper, m'buku lake la 1966, anaika Shaka pakati pa chipwirikiti chonse chotchedwa Mfecane. Julian Cobbing mu 1988 anatsutsa, n'kunena kuti azungu anakuza dzina la Shaka pofuna kubisa mbali ya malonda a akapolo ku Delagoa Bay ndi ya atsamunda a ku Cape. Ambiri lero amaima pakati, n'kuwonjezapo chilala ndi kulimbirana malonda a minyanga. Palinso nkhani yakale ya ukulu pakati pa nyumba ya Mpezeni ndi ya M'mbelwa, ana a bambo mmodzi, Zwangendaba. Nyumba iliyonse ili ndi kafotokozedwe kake, ndipo mfumu iliyonse imatchedwa Inkosi ya Makosi kwawo.

Mkangano umene umafika mpaka pabwalo la mudzi ndi wa Mngoni weniweni. Ena amati weniweni ndi wa chiwongo cha kumwera, ena onse ndi ongotengedwa. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, pakuti ulemu wa abezansi unaliko. Koma akawatsata mpaka kumapeto amagwetsa nyumba imene akufuna kuiteteza. Magulu a nkhondo amene anaima ndi Nsingo mu 1898, patapita zaka 62 chiwolokereni Zambezi, anadzaza ndi ana ndi zidzukulu za akazi a Chinsenga ndi a Chichewa. Kuwachotsa iwowa m'kaundula wa Angoni ndi kutsala ndi mafumu opanda anthu.

## Pamene tanthauzo limagwira ntchito lero

Pa ukwati wa Mngoni ndi Mchewa funso la dzina limasanduka funso la ana. Ngati bambo ndi Mngoni ndipo mayi ndi Mchewa, mbali zonse ziwiri zimati mwanayo ndi wawo, ndipo ankhoswe amayang'ana ngati malowolo anaperekedwa. Ngati bambo ndi Mchewa ndipo mayi ndi Mngoni, mwambo wa mbali iliyonse umamukankhira mwanayo kwinako. Lamulo la Zambia la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linachepetsako mikangano: ana amalandira magawo 50 mwa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena odalira malemuyo 10. Koma lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu kapena mpando wa ufumu. Pa munda ndi pa unyakwawa, mwambo ndi umene umalankhulabe, ndipo mwambowo umadalira kuti mudziwo umadziwerengera kuti.

Chitupa cha ku Zambia cha NRC, chimene ambiri amangoti reji, sichifunsa mtundu. Chimafunsa mudzi, mfumu ndi boma. Mosadziwa, chinabwerera ku tanthauzo lakale lija: munthu wa Madzimawe, wa Nzamane, wa Mishoro kapena wa Kapatamoyo ndi munthu wa Mpezeni, kaya chiwongo chake n'chotani. Nc'wala nayo, chiyambire kuchitikanso mu 1980, imaitana anthu kudzera mwa mafumu awo. Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, wovala zikopa ndi kunyamula chibonga safunsidwa za agogo ake aakazi, ndipo alipo amene mu Ogasiti amapezekanso ku Mkaika pa Kulamba ya Kalonga Gawa Undi, kumene kuli kwawo kwa amayi awo.

M'tauni dzinali limatambasuka koposa. J. Clyde Mitchell anaona kale ku migodi ya Copperbelt m'zaka za m'ma 1950 kuti anthu ochokera kutali amaunjikidwa pansi pa dzina la mtundu wotchuka wa kwawoko, ndipo a kum'mawa ankangotchedwa Angoni. Chimbuya, chibale chanthabwala cha Angoni ndi Abemba, chinabadwa ku nkhondo zimene mitundu iwiriyi inamenyana Mpezeni asanafike ku Chipata, koma lero chimakuta chigawo chonse. Pamaliro ku Matero kapena ku Kitwe, Mbemba akafika ndi ufa m'manja kufuna mbuya wake woti amupake kumaso, sasankha. Mchewa wa ku Katete, amene makolo ake anathawira m'mapiri poopa nthungo za Mpezeni, amapakidwa ufawo monga Mngoni, amaseka, n'kuponya ndalama m'mbale.